Kaunti ya Marsabit ku Kenya: Malo Aakulu Chotere, Anthu Ochepa Bwanji?

Funso: Ndine mphunzitsi wa jogalafe pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Dedza. Pokonzekera phunziro la kuchuluka kwa anthu ndinapeza kuti kumpoto kwa Kenya kuli dera lotchedwa Marsabit, lomwe kukula kwake kumaposa theka la dziko lathu, koma anthu ake safika ndi theka la miliyoni lomwe. Ana anandifunsa chifukwa chimene boma la Kenya silitengera anthu opanikizana m'madera ena n'kukawapatsa malo ogonawo, monga mmene mabanja a ku Thyolo ndi Mulanje anasamukira ku Machinga ndi Mangochi pa ndondomeko ya Kudzigulira Malo. Kodi ndiwayankhe bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, funso la ana anuwo ndi lomwe akuluakulu a boma ku Nairobi akhala akudzifunsa kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo kawirikawiri akhala akuliyankha molakwika. Chimene ndingakonde kuti anawo amve poyambirira ndi chakuti malo a ku Marsabit si ogona ayi. Ali ndi eni ake, ziweto zimadyapo chaka ndi chaka, ndipo chilala chikavuta malowo amachepa mpaka anthu kufika pophana chifukwa cha chitsime chimodzi. Chiwerengero cha anthu pa sikweya kilomita chimangoyerekeza kukula kwa nthaka ndi anthu okhalapo, koma sichinena kanthu za madzi, pamene kumeneko madzi ndiwo amalamula kumene munthu angakhale ndiponso kuchuluka kwa anthu amene angakhalepo.

Manambala amene munapeza ndi oona. Kuyambira mu 2013 dziko la Kenya linagawidwa m'makaunti 47, ndipo kaunti iliyonse ili ndi bwanamkubwa wake wochita kusankhidwa komanso nyumba yake ya malamulo, motero mphamvu zake zimaposa za boma ngati Dedza. Kalembera wa mu 2019 anapeza anthu 459,785 ku Marsabit pa malo okwana masikweya kilomita 70,944, kutanthauza anthu pafupifupi 6 pa sikweya kilomita iliyonse, ndipo panalibe kaunti ina m'dzikomo yokhala ndi anthu otalikirana kuposa pamenepa. Kaunti ya Vihiga, kumadzulo kwa dziko lomwelo, inali ndi anthu oposa 1,000 pa sikweya kilomita. Kuno kwathu kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 186 pa sikweya kilomita. Kuti anawo aone bwino kukula kwake, auzeni kuti Marsabit ndi yaikulu kuposa chigawo chakumpoto ndi chapakati mutaziphatikiza, koma anthu ake ndi theka chabe la anthu a mumzinda wa Lilongwe. Kumpoto kwake kuli dziko la Ethiopia, kumadzulo kuli nyanja ya Turkana, kummwera kuli makaunti a Samburu ndi Isiolo, ndipo kummawa kuli Wajir.

Dera limeneli lili m'nthambi yakummawa ya chigwa chachikulu chong'ambika cha Africa, chomwe nthambi yake ina ndi imene muli nyanja ya Malawi. Mapiri ake ambiri anabadwa ndi kuphulika kwa chiphalaphala cha pansi pa nthaka, ndipo chiphalaphalacho chitazizira chinasiya miyala yakuda imene inaphimba zigwa zathunthu. Munthu wochoka m'tauni ya Marsabit kulowera kumalire amadutsa m'chigwa cha Dida Galgalu, momwe miyala imeneyi yamwazika kufikira kumene maso alekezera, ndipo khasu silingalowe pansi. Kummwera kwa tauniyo kuli chipululu cha Kaisut. Kumadzulo kuli chipululu cha Chalbi, chomwe kale chinali nyanja koma inaphwa n'kusiya thope louma lokutidwa ndi mchere, ndipo abusa amakakumba mcherewo kuti azinyambitsa ziweto zawo. Mvula ikagwa yambiri, Chalbi amasanduka dambo lathope losadutsika ndi galimoto kwa masiku angapo, kenako n'kuumanso gwa.

M'zigwa zimenezi mvula ya chaka chonse nthawi zambiri imakhala pakati pa mamilimita 200 ndi 300, ndipo malo ena saifikitsa n'komwe. Chigwa cha Shire, chomwe ife timachiona ngati chouma, chimalandira mvula yoposa kawiri pamenepo. Komabe kuchepa kwa mvula si vuto lokhalo, ndipo mwina si lalikulu. Mvulayo imagawika m'nyengo ziwiri, ina ya m'miyezi ya Marichi mpaka Meyi, ina ya Okutobala mpaka Disembala, motero nyengo iliyonse payokha ndi yaifupi moti chimanga sichingakhwime. Imagwanso mwa apo ndi apo: mtambo umatha kukhuthula madzi m'chigwa chimodzi, udzu n'kumera, pamene chigwa choyandikana nacho sichinalandire ndi dontho lomwe, ndipo chaka chotsatira zinthu n'kutembenuka. Kuwonjezera apo, dzuwa ndi mphepo za kumeneko zimatha kuumitsa madzi oposa mamilimita 2,000 pa chaka, omwe ndi ochuluka kwambiri kuposa amene amagwa. Ichi ndicho chifukwa chake m'kaunti yonseyo mulibe mtsinje woyenda chaka chonse. Mitsinje monga Milgis ndi Merille imasefukira kwa masiku ochepa, kenako imatsala mchenga, ndipo anthu amafukula mchengawo kuti apeze madzi obisika pansi pake.

Mwana wochenjera adzaloza nyanja ya Turkana pa mapu n'kufunsa chifukwa chimene anthu sathirira mbewu ndi madzi ake. Nyanjayi ndi yaikulu ndithu, yotalika makilomita oposa 250, koma ilibe mtsinje wotulutsa madzi monga mmene Shire amatulutsira a m'nyanja yathu. Madzi amalowa, dzuwa limawaumitsa, mchere umatsalira momwemo, motero ndi amchere osayenera mbewu, ndipo anthu amene amawamwa nthawi yaitali amaonongeka mano ndi mafupa. Pafupifupi madzi onse olowa m'nyanjayi amachokera mu mtsinje wa Omo wa ku Ethiopia. Dziko la Ethiopia litatsegulira damu la magetsi la Gibe III pa mtsinjewo mu 2016, pamodzi ndi minda ikuluikulu ya nzimbe yothiriridwa, bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, linaika malo otetezedwa a m'nyanjayi pa mndandanda wa chuma cha dziko lapansi chomwe chili pa chiopsezo mu 2018. Anthu a m'mphepete mwa nyanja, monga a El Molo a ku Loiyangalani ndi a Dassanech a ku Illeret, amadalira nsomba ndi ziweto, ndipo moyo wawo umatengera zimene zagamulidwa ku Addis Ababa kuposa zimene zagamulidwa ku likulu la kaunti yawo.

Malo amene munthu angalimepo alipo, koma ndi zilumba zazing'ono pakati pa chipululu. Phiri la Marsabit, lotalika mamita pafupifupi 1,700, limatchinga mphepo yachinyezi yochokera kummwera chakummawa, motero m'mawa uliwonse limakutidwa ndi nkhungu, ndipo pamwamba pake pali nkhalango yowirira, tinyanja ta m'maenje a mapiri ophulika, njati ndi njovu. Njovu yotchuka ya minyanga itaiitali yotchedwa Ahmed, yomwe Pulezidenti Jomo Kenyatta analamula mu 1970 kuti izitetezedwa mwapadera, inkakhala m'nkhalango imeneyi. Paphiripo mvula imafika mamilimita 800 kapena kuposerapo. Phiri la Kulal, lomwe lili kummawa kwa nyanja ndipo limapitirira mamita 2,000, nalonso lili ndi nkhalango yake. Kulinso mapiri a Hurri ndi zitunda za ku Moyale ndi Sololo m'malire. Kumeneku anthu amalima chimanga, nyemba, mbewu ya ku Ethiopia yotchedwa teff, ndiponso miraa, masamba otafuna amene amagulitsidwa kwambiri m'matauni. A mtundu wa Burji, amene anabwera kuchokera kummwera kwa Ethiopia m'nthawi ya atsamunda, ndiwo anatchuka ndi ulimi ndi malonda paphiri la Marsabit.

Mfundo imene anawo ayenera kuigwira bwino ndi yakuti malo olimika amenewa anadzaza kale. Kauntiyi ili ndi madera anayi a aphungu a nyumba ya malamulo: Saku, Moyale, Laisamis ndi North Horr. Dera la Saku, lomwe ndi phiri la Marsabit ndi zozungulira zake, ndi laling'ono, la masikweya kilomita pafupifupi 2,000, koma ndi kumene kuli likulu, minda, masukulu ambiri ndi mikangano yoopsa ya malo, ndipo tauniyo yakhala ikuvutika ndi kusowa kwa madzi akumwa ngakhale ili pafupi ndi nkhalango. Dera la North Horr lokha limatenga zoposa theka la kaunti yonse, ndipo ndi lalikulu kuposa chigawo chapakati cha dziko lathu, koma lili ndi phungu mmodzi. Kumeneko anthu amaunjikana pa akasupe a m'mphepete mwa Chalbi, monga ku Kalacha, Maikona ndi North Horr penipeni, ndipo pakati pa malo amenewa munthu amatha kuyenda makilomita ambiri osaona nyumba. Motero nambala ija ya anthu 6 pa sikweya kilomita simupeza malo enieni amene ikufotokoza; pali malo a anthu mazanamazana, ndipo pali malo amene kwa miyezi yambiri mulibe munthu.

Malo opanda nyumbawo ndiwo amasocheretsa alendo, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhazikikapo. M'dziko limene mvula imagwa mosadziwika malo ake, njira yokhayo yopezera chakudya m'nthaka ndi kutsata udzu kumene wamera, ndipo chimene chingatsate udzu ndi chiweto, chifukwa munda suyenda. A Gabra ndi a Rendille amaweta ngamila, mbuzi ndi nkhosa m'zigwa zouma kwambiri. A Borana ndi a Samburu amakonda ng'ombe ndipo amakhala kufupi ndi zitunda, ngakhale kuti masiku ano ambiri ayamba kuweta ngamila chifukwa cha kuchuluka kwa chilala. Ng'ombe imafunika kumwa madzi pakapita masiku awiri kapena atatu, motero siingatalikire chitsime, pamene ngamila imatha masabata awiri osamwa, imadya masamba a mitengo ya minga, ndipo imapitiriza kutulutsa mkaka ng'ombe zitauma kale. Banja limagawa ziweto zake pawiri: zamkaka zochepa zimatsala pamudzi kuti zidyetse ana, amayi ndi okalamba, pamene zina zonse zimapita ndi anyamata kumisasa yakutali, komwe amatha kukhalako miyezi ingapo. Mabusa a m'zigwa amadyetsedwa nthawi ya mvula pamene madzi ali m'zithaphwi, ndipo mabusa a pafupi ndi zitsime zosaphwa ndi a m'mapiri amasungidwa dala kuti adzapulumutse ziweto m'chilimwe.

Kusungako sikuchitika mwachisawawa. Pakati pa a Borana chitsime chilichonse chimakhala ndi mwini wake wa mwambo, ndiponso mkulu wotchedwa abba herrega amene amakonza kuti khola lililonse limwetse tsiku liti, ndipo wophwanya dongosololi amazengedwa mlandu pabwalo la akuluakulu. Zitsime zina ndi zakuya moti amuna amaima mondondozana kuchokera pansi mpaka pamwamba, n'kumapatsirana ndowa uku akuimba kuti manja aziyendera limodzi. Choncho mlendo akaona chigwa cha udzu wosadyedwa m'mwezi wa Juni n'kunena kuti malowa alibe ntchito, amakhala akuyang'ana nkhokwe ya anthu amene ali makilomita 100 kutali, omwe adzafikapo mu Seputembala. Kukhazikapo mabanja olima pamalo oterowo n'kulanda chakudya cha m'nyengo yovuta kwa anthu ambiri kuposa amene mwawapatsa malo, ndipo obwerawo sangakolole kanthu.

Kukhazika anthu pamodzi kunayesedwa kale, ndipo zotsatira zake zinalembedwa. Pa chilala cha m'zaka za m'ma 1970 mamishoni ndi mabungwe anakhazikitsa malo ogawirapo chakudya, ndipo malo ngati Korr ndi Kargi, m'dziko la a Rendille, anakula kukhala matauni chifukwa cha chakudya, mijigo, masukulu ndi zipatala. Phindu lake silingakanidwe: ana ambiri anaphunzira, ndipo amayi anayamba kuchirira kuchipatala. Koma ofufuza a UNESCO amene anagwira ntchito m'derali kuyambira m'zaka zomwezo anaona kuti nthaka yozungulira matauni ndi mijigo ikuguga chifukwa cha kuunjikana kwa ziweto ndi kudula mitengo, pamene mabusa akutali akutsala osadyedwa. Pambuyo pake ofufuza ena, Elliot Fratkin ndi Eric Roth, atayeza ana a Rendille kwa zaka zingapo, anapeza kuti ana a m'midzi yoyendayenda ndi ziweto anali onenepa bwino kuposa anzawo a m'midzi yokhazikika, ngakhale m'chaka cha chilala, chifukwa ankamwa mkaka wambiri pamene anzawowo ankadalira phala la chimanga. Ine ndimaona kuti zimenezi ziyenera kuphunzitsidwa kwa aliyense amene amaganiza kuti mbusa woyendayenda ndi munthu wotsalira amene akungodikira kuti wina amuonetse khasu.

Sindikunena kuti moyo umenewu ndi wofewa. Kuyambira kumapeto kwa 2020 mpaka kumayambiriro kwa 2023 nyengo zisanu zamvula zinalephera motsatizana, ndipo ziweto zoposa 2 miliyoni zinafa m'madera ouma a Kenya, Marsabit ikukhala imodzi mwa makaunti okhudzidwa kwambiri. Chilalachi chisanayambe kunagwa dzombe mu 2020, ndipo chitatha kunabwera madzi osefukira kumapeto kwa 2023. Banja limene ziweto zake zatha limasowa mtengo wogwira, ndipo limakathera m'mphepete mwa tauni kumakawotcha makala ndi kudikira thandizo. Nzosadabwitsa kuti inshulansi ya ziweto yodalira zithunzi za m'mlengalenga, yomwe imalipira mbusa udzu ukachepa kufika pa mlingo wina popanda kuwerenga mitembo ya ziweto, inayesedwa koyamba ku Marsabit mu 2010 ndi bungwe lofufuza za ziweto la ILRI, ndiponso kuti kauntiyi ili m'gulu la makaunti anayi oyamba kulandira mtukula pakhomo wa boma wa m'madera ouma.

Kuchepa kwa anthu ndi chitukuko kuli ndi mbali inanso yosachokera kumwamba. Atsamunda a ku Britain anatcha kumpoto konseko Northern Frontier District, n'kukutseka ndi malamulo moti munthu sankalowa kapena kutuluka popanda chiphaso, ndipo mitundu inaikiridwa malire a mabusa kuti isasakanikirane. Iwo ankaona derali ngati mpanda wotchinga Ethiopia, motero sanamangeko masukulu kapena misewu yooneka. Ufulu utabwera mu 1963 kunabuka nkhondo ya Shifta, pamene anthu ena akumpoto ankafuna kuphatikizana ndi Somalia, ndipo asilikali anasonkhanitsa anthu m'midzi yokakamiza, ziweto zambiri n'kufa. Nkhondoyi inatha mu 1967 pa mgwirizano wa ku Arusha, womwe mkhalapakati wake anali Pulezidenti Kenneth Kaunda wa Zambia, koma malamulo a nthawi ya nkhondo anapitirira kumpotoko mpaka mu 1991. Chikalata cha ndondomeko ya chuma cha mu 1965 chinanenanso poyera kuti ndalama zachitukuko zizipita kumadera amene angabweze phindu lalikulu, kutanthauza madera a mvula yambiri. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri munthu wa ku Marsabit akakwera lole kulowera ku Nairobi ankatsazika kuti akupita ku Kenya. Msewu wa makilomita pafupifupi 500 wochokera ku Isiolo kudzera ku Marsabit mpaka ku Moyale unamalizidwa kuikidwa phula mu 2017, ndipo ulendo umene unkatenga masiku angapo pamwamba pa katundu tsopano umatheka tsiku limodzi pa basi.

Malire ndi Ethiopia nawo ayenera kumvetsedwa monga mmene anthu a kumeneko amawaonera. Mzerewu unagwirizanidwa ndi Britain ndi Ethiopia mu 1907, n'kutsimikizidwanso ndi Kenya ndi Ethiopia mu 1970, ndipo unadula pakati dziko la a Borana, a Gabra ndi a Dassanech. Mtsogoleri wamkulu wa gada, lomwe ndi dongosolo la ulamuliro wa makolo la a Borana, amakhala mbali ya Ethiopia, ndipo a Gabra ali ndi malo opatulika m'malire enieni, monga phiri la Forole, kumene amapitako pa miyambo yawo. Chilala chikakula ziweto zimawolokera kumene kuli msipu, ndipo abale amalandirana. Tauni ya Moyale ndi imodzi yokhala m'maiko awiri, ndipo chipata chamakono cha pamenepo anachitsegulira Pulezidenti Uhuru Kenyatta wa Kenya ndi nduna yaikulu ya Ethiopia Abiy Ahmed mu Disembala 2020. Ana anu, amene amaona anthu akuwoloka msewu wa ku Dedza ndi Ntcheu kupita ku Mozambique kumaliro ndi kumsika, sangavutike kumvetsa zimenezi. Palinso ulusi wina womvetsa chisoni umene umatilumikiza ndi Moyale: achinyamata ambiri a ku Ethiopia opita ku South Africa mozemba amayambira pa chipata chimenechi, n'kudutsa Kenya, Tanzania ndi Malawi, ndipo mitembo pafupifupi 30 imene inapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022 inali ya anthu amene apolisi ankawaganizira kuti ndi a ku Ethiopia oyenda ulendo woterewu.

Malire omwewo amalowetsanso mfuti ndi mikangano ya dziko loyandikana nalo. Mu Marichi 2018 anthu zikwizikwi anathawira ku Moyale ya ku Kenya asilikali a Ethiopia atapha anthu wamba mbali yawo. M'kati mwa kaunti, udani wa pakati pa a Borana ndi a Gabra, omwe amalankhula chinenero chimodzi, wakhala ukukula chifukwa cha mabusa, zitsime, malire a madera ndi mipando ya ndale. Pa 12 Julaye 2005 anthu pafupifupi 60, kuphatikizapo ana a sukulu ya pulaimale oposa 20, anaphedwa ku Turbi. Pa 10 Epulo 2006 ndege ya asilikali imene inanyamula atsogoleri opita kukayanjanitsa mitunduyi inawomba phiri m'nkhungu pafupi ndi tauni ya Marsabit, ndipo anthu 14 anafa, pakati pawo aphungu onse anayi a derali, kuphatikizapo Bonaya Godana, amene anakhalapo nduna yoona za maiko akunja. Mu Meyi 2022 boma linaletsanso anthu kuyenda usiku m'kaunti yonseyo chifukwa cha kuphana. Ziwawa zotere zimasintha mapu a kumene anthu amakhala, chifukwa mabusa abwino a pakati pa mitundu iwiri amasiyidwa ndi mantha, ziweto n'kumaunjikana pafupi ndi matauni. Malo ena amene amaoneka opanda anthu ali choncho chifukwa mbali zonse ziwiri zikuwafuna.

Muwachenjezenso anawo kuti kuwerenga anthu m'dera lotere ndi ntchito yovuta. Kalembera wa mu 2009 anapeza anthu 291,166, motero chiwerengero chinakwera ndi zoposa theka m'zaka khumi zokha, kukwera kofulumira kuposa kwa dziko lonse la Kenya. Mabanja a kumeneko ndi aakulu, koma tiyeneranso kukumbukira kuti wowerenga amayenera kulondola misasa imene inasamuka sabata yatha, ndiponso kuti banja limodzi likhoza kukhala mbali ya Ethiopia pa usiku wa kalembera wina n'kukhala mbali ya Kenya pa wotsatira. Mu 2019 amuna anapezeka 243,548 pamene akazi anali 216,219, zosiyana ndi mmene zilili m'dziko lonselo, momwe akazi amachulukirapo pang'ono. Nambala zimenezi zimakoka ndale chifukwa ndalama zochokera ku boma lalikulu zimagawidwa potengera, mwa zina, chiwerengero cha anthu, umphawi ndi kukula kwa malo. Andale a m'madera opanikizana amati ndalama zizitsata mitu ya anthu, pamene akumpoto amayankha kuti kufikitsa katemera kwa mwana wa ku Illeret kumadya mafuta, matayala ndi masiku a namwino kuposa kufikitsa katemera yemweyo kwa mwana wa ku Vihiga. Pa mkangano umenewu ine ndili mbali ya akumpoto, chifukwa chipatala chimene chili pa mtunda wa masiku awiri wapansi sichithandiza mayi amene matenda amuyamba usiku, kaya anthu a m'deralo ndi ochuluka kapena ochepa. Malamulo aakulu a dzikolo a mu 2010 anavomereza zimenezi pokhazikitsa thumba lapadera lotukulira madera otsalira pa madzi, misewu, zipatala ndi magetsi.

Maganizo akuti malowa ndi opanda eni sanathe, ndipo tsopano amabwera kudzera m'ntchito zikuluzikulu. Pakati pa phiri la Kulal ndi phiri la Nyiru pamadutsa mphepo yamphamvu yosalekeza, ndipo pamenepo, kummwera chakummawa kwa nyanja, panamangidwa makina 365 opanga magetsi ndi mphepo, otha kutulutsa mamegawati 310, omwe anatseguliridwa mu Julaye 2019. Magetsiwo amayenda pa nthambo ya makilomita oposa 400 kupita ku Suswa, kufupi ndi Nairobi. Anthu a m'deralo anakasuma kukhoti ponena kuti maekala 150,000 a malo awo odyetsera ziweto anaperekedwa popanda kutsata ndondomeko yofunsa eni ake, ndipo mu 2021 khoti loona za malo ndi chilengedwe la ku Meru linagamula kuti zikalata za umwini wa malowo zinaperekedwa mosatsata malamulo. Lamulo la malo a anthu onse la mu 2016 limapatsa midzi ya abusa mwayi wolembetsa mabusa awo m'dzina la gulu, koma ntchitoyi ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo ili ndi vuto lakelake, chifukwa kulemba malire okhazikika pa busa limene mitundu itatu imadyetsapo m'nyengo zosiyana kukhoza kutseka njira zimene ziweto zimapulumukira pa chilala.

Tikabwerera ku Kudzigulira Malo, kusiyana kwake kuli poti mabanja a ku Thyolo ndi Mulanje anasamukira ku minda ya maesiteti imene inagulidwa kwa eni ake, m'dera limene chimanga chimakhwima ndi mvula ya kumwamba, ndipo anakapitiriza ulimi umene ankaudziwa kale. Mlimi wa ku Vihiga atapatsidwa maekala 50 ku Dida Galgalu angakapeze miyala, mvula yosakwanira mbewu iliyonse imene amaidziwa, ndi chitsime chimene chili kale ndi dongosolo la omwetsapo. M'kalasi, apatseni anawo mapu atatu a kauntiyi, a mvula, a kutalika kwa nthaka ndi a matauni, ndipo muwauze kuti alembe chizindikiro paliponse pamene pali phiri, kasupe, chitsime chosaphwa kapena msewu waukulu. Adzapeza okha kuti Marsabit, Moyale, Sololo, Kalacha, North Horr, Loiyangalani ndi Laisamis onse agwera pa zizindikirozo, ndipo mukatero muwafunse kuti ziweto za anthu a m'matauni amenewa zimadya kuti mvula ikagwa.